Mbuzi M'nyumba ya Elisha

Mbuzi inalira nyimbo ili pakati. Inayamba ndi mawu otsamwa, kenaka inalira momasuka, kwa nthawi yaitali, kuchokera m'chipinda chogona. Mayi amene ankatsogolera nyimbo anakweza mawu kuti aiphimbe, koma anzake amene anakhala mozungulira mtembo wa Elisha anali atasiya kale kuimba. Maso onse anali pa chitseko cha bango.

Magdalena, mkazi wa malemuyo, anali chakumutu kwa mtembo, mdzukulu wake wakhanda ali pamiyendo. Sanatembenuke. Anadziwa kuti kansanza kamene anaimanga nako kukamwa m'bandakucha kamasuka. Anadziwanso chimene chinkailiza: inali isanakamidwe chiyambire dzulo.

Jesinta wa nyumba yoyandikana nayo ndiye anadzuka. Anakankha chitsekocho pang'ono, nasuzumira, nabwerera pamalo pake. Anangokokera nsalu pakamwa, mapewa akugwedezeka, ndipo sikunali kulira.

Kukanakhala kunyumba ina iliyonse mu layini imeneyo, mbuzi m'chipinda sikanakhala nkhani. Koma iyi inali nyumba ya Elisha, kapitawo wa zaukhondo pa boma la Nsanje, kumene Azungu ankati Port Herald. Kwa zaka zambiri iyeyu ndiye ankayenda khomo ndi khomo, ndodo ili m'manja, akuitana kuti "Tsegulani," mpaka ana anamupatsa dzina lomwelo. Akalowa ankayamba wanunkhiza. Akapeza ndowe za mbuzi pansi pa denga limene pamagona anthu, ankatulutsa ziwetozo ndi manja ake. Nyumba yopanda zenera ankailemba mtanda wa njereza kuti mwini wake aboole khoma kapena aigwetse. Dzenje la chimbudzi ankaliyeza ndi ndodo ija. Ogulitsa mkaka kumasitolo a Amwenye ndi kwa Azungu a njanji ankawadikira panjira yochokera kudambo. Ankadontheza mkaka pa chikhadabo cha chala chachikulu, ndipo dontho likayenderera m'malo moima, ankadziwa kuti muli madzi a mu Shire, n'kukhuthulira botolo lonse pansi mwini wake akuona. Sankakalipa. Sankalandira dzira kapena nsomba kwa munthu aliyense. Akanakhala wolandira, anthu akanamukhululukira msanga.

Mayi wina anatuluka ngati akukalavula, ndipo pamene ankabwerera, amuna onse okhala pansi pa mkuyu anali atamva. Magdalena anamva kuseka kuja kumene munthu amayesa kukubisa m'chifuwa. Kenaka anamva makasu akugwa pansi, limodzilimodzi.

Makasuwo anali a adzukulu, amuna a mu layini amene ankakumba manda ndi kunyamula maliro. Mkulu wawo anali Lorenso, Msena wogulitsa mkaka, mwamuna wa Jesinta. Mabotolo ake Elisha anawakhuthulapo kangapo. Mbuzi zakenso anazitulutsa m'nyumba chaka cha chimfine chachikulu chija, ndipo afisi anazimaliza mwezi usanathe.

Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti nthawi yonse imene Elisha anali ndi nzeru zake, mbuziyo sinagonepo m'nyumba.

Esinala, mwana wawo mmodzi yekhayo, anamwalira mvula isanayambe, nasiya Agnesi akuyamwa. Bambo wa mwanayo anali atapita ku Halale kukafuna ntchito, ndipo sanamvekenso. Elisha anakana kugula mkaka wa m'mabotolo, popeza ankaudziwa bwino. Anakagula mbuzi yamkaka kwa Tengani, naimangira khola kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda wa bango. Nyumba yawo inali yomalizira mu layini, kufupi ndi tchire. Usiku woyamba fisi anathyola mpanda n'kutenga kamwana ka mbuziyo. Elisha analimbitsa khola. Pasanapite nthawi anapeza chitseko cha khola chili pululu, chingwe chitadulidwa ndi mpeni, mbuzi ikunjenjemera m'munda wa mapira wa eni ake.

Magdalena anati mbuzi izigona m'nyumba. Elisha anati sizingatheke, poti za anzake anazitulutsa ndi iye. Anakangana motsitsa mawu, kuopa oyandikana nawo. Pomaliza Magdalena anamuuza kuti ngati lamulo la bwana wake, dokotala wa boma, likumukomera kuposa mwana wa Esinala, atenge mphasa akagone nayo mbuziyo. Ananena zimenezi kuti zimupweteke basi. Elisha anatenga mphasa.

Anagona kumeneko dzinja lonse, chingwe cha mbuzi chili pa dzanja. Ankatuluka kukada, n'kulowa tambala asanalire, kuti anthu asaone. M'mawa Magdalena ankaona nkhope yotupa ndi udzudzu ndi nsalu yonyowa itayanikidwa pa mpanda. Mawu oti "lowani" anali pafupi tsiku lililonse, koma ankadikira kuti mwamuna ayambe ndiye kupempha. Elisha sanapemphe. Tsiku limene Magdalena anamupeza akunjenjemera, osatha kuimirira, anamukokera m'nyumba. Madzulo ake analowetsanso mbuzi, popeza panalibenso woilonda. Dokotala anatumiza kwinini, koma Elisha anali atayamba kale kubwebweta, ndipo sanadziwe kuti m'nyumba mwake mukugona chiweto. Anamwalira m'bandakucha. Kulira kwa Magdalena kunabweretsa amayi a mu layini iye asanapeze mpata woitulutsa.

Paison, mng'ono wa Elisha, wolemba katundu pa siteshoni ya njanji, anatuma mayi wina kudzaitana Magdalena. Anakumana pambali pa nyumba, pamene panali kamthunzi. Paison anali atavala jekete lakuda ngakhale kunkatentha, thukuta likutsikira m'khosi.

"Alamu, chimenechi n'chiyani?"

"Ndi mbuzi, alamu."

"Ndamva kuti ndi mbuzi. Nsanje yonse yamva."

Anamufotokozera zimene adzukulu anena. Iwo akuti malemuyu ali ndi mlandu ndi layini yonse, chifukwa anasaukitsa anzake ndi lamulo limene iye mwini sankalisunga. Mwambo wake ndi woti munthu wa mlandu sakumbiridwa manda mpaka abale ake atapepesa ndi chiweto. Paison anayesa kutchula nkhuku, iwo anakana. Ankafuna mbuzi yomweyo, kuti aiphe n'kudya pobwera kumanda.

"Nanga mwanayu azimwa chiyani?"

Paison anayang'ana Agnesi mwachidule, nati phala lilipo, ndipo ana ambiri akula ndi phala. Magdalena anayankha kuti phala anayesa kale, mwana anatsegula m'mimba mpaka liwombo linalowa. Paison sanamve zimenezo. Anayamba kukamba za banja lawo la ku Chikwawa, za agogo awo amene anakwera mtsinje uno atasenza katundu wa Azungu oyamba, banja limene linabatizidwa ena asanaone buku. Anati mkulu wake sangagone m'nyumba mpaka kununkha chifukwa cha chiweto.

Akulankhula choncho anafika mesenjala wa boma, chipewa chofiira kumutu, mapazi ali pansi. Anavula chipewacho, napepesa mwaulemu, nanena uthenga wake mokweza kuti a pansi pa mkuyu amve. Dokotala akuti nyengo yotentha ino maliro sagona m'tauni. Dzuwa likapendeka manda asanakumbidwe, atumiza akaidi kudzanyamula mtembo.

Lamulo limeneli aliyense ankalidziwa, chifukwa amene ankabwera nalo pa maliro a anthu ena anali Elisha. Aliyense ankadziwanso anthu amene ankaikidwa ndi akaidi: alendo ofera pa siteshoni, anthu opanda mbale, oponyedwa m'dzenje losaya popanda nyimbo.

"Ndiye zakhala bwino," anatero munthu wina pansi pa mkuyu. "A boma aikane okhaokha."

Paison anapukuta nkhope ndi mkono wa jekete.

"Mwamva, alamu. Ndikaitulutse ine, kapena muitulutsa nokha?"

"Ndiikame kaye."

Magdalena anadutsa pakati pa amayi aja, amene anapinda miyendo kuti apite, nalowa m'chipinda. Fungo linamulandira pakhomo. Masiku ochepa okhawo mkodzo unali utalowa m'dothi limene Elisha ankati liziziridwa sabata iliyonse. Anagoneka mwana pa mphasa, natenga kambale. Atayesa kukama, mbuzi inamuponda, inatembenuka, inagubuduza kambaleko. Wokama anali Elisha, ndipo manja a Magdalena sinawazolowere.

Chitseko chinatseguka, Jesinta analowa osaodira. Anagwada n'kugwira miyendo yakumbuyo ya mbuzi monga munthu amene anazichita kuyambira ali mtsikana.

"Kamani, ndagwira."

Mkaka unayamba kulira m'mbale. Jesinta anati iye sakuweruza munthu, popeza aliyense mu layini muno ali ndi chimene amabisa kuseri kwa chitseko. Chimene chawawa anthu, anatero, n'choti a Tsegulani ankanunkhiza m'nyumba za anzawo ngati iwo alibe chobisa. Tsopano anthu aona kuti anali munthu ngati wina aliyense, wabodza pang'ono, ndipo mawa adzaiwala.

"Perekani mbuziyo, amake Esinala. Ina idzapezeka."

"Yamkaka, mwezi uno? Mwana adikira?"

"Mkaka mungamatenge kwa a Lorenso kwathu."

Magdalena anasiya kukama n'kumuyang'ana. Jesinta anayang'ana kumbali, kenaka anaseka yekha ndi mphuno.

"Chabwino. Umenewo ayi."

Magdalena anapitiriza kukama. Njira yosavuta inali pomwepo. Akanapereka mbuzi, madzulo ano akanakhala mkazi wamasiye womveredwa chisoni, amene anangomvera mwamuna wachinyengo. Palibe amene anamuloza chala iye. Kuyambira pamene mbuzi inalira, mlandu wonse unagwera munthu wogona pa mphasa uja, amene sakanatha kuyankha. Ndipo Magdalena anadzigwira kuti m'mawa wonsewu, pansi pa kulira, mumtima mwake munali kampumulo koti anthu akunena Elisha, osati iye. Atazindikira zimenezi, mkaka unaphonya mbale.

Njira inayo ankaidziwanso mtengo wake. Mkazi amene wagoneka mwamuna panja mpaka kufa, abale a mwamunayo samati wafa ndi malungo. Amati wamupha.

Anapereka kambale kwa Jesinta.

"Muuwiritse mpaka ufufume, kenaka uzizire. Mum'mwetse ndi supuni."

"Ndikudziwa. A Tsegulani anatiphunzitsa tisakufuna."

Magdalena anamasula mbuzi pa mzati. Sanafune kuizembetsa. Anaidutsitsa m'chipinda chakutsogolo, pafupi ndi mapazi a mtembo, amayi akukokera nsalu zawo, mpaka panja padzuwa. Ana amene anali pa mpanda anayamba kuseka, wina anawakalipira. Paison anadza msangamsanga, natambasula dzanja kuti alandire chingwe. Magdalena anamupitirira. Anafika pafupi ndi mkuyu, pamene mkazi safika pa maliro, nagwada chapatali, chingwe chili m'manja.

"A Lorenso, ndisanakupatseni, bwerani mudzaone pamene inkagona."

"Tamva kale pamene inkagona, mayi," anayankha Lorenso, ndipo ena anaseka.

"Mwamva pamene yagona masiku a matendawa. Bwerani."

Lorenso anayang'ana anzake, nadzuka mwaulesi. Ena anam'tsatira, ambiri a iwo chifukwa chofuna kudzaona zambiri zokasimba. Paison anabwera pambuyo. Magdalena anatsegula kachitseko ka mpanda, ndipo amuna aja analowa kuseri kwa nyumba ya Elisha, kumene palibe mmodzi wa iwo anapondako masana.

Kunali khola lolimba, la mitengo ikuluikulu. Pambali pake, chotsamira khoma la nyumba, panali kamsasa ka udzu, kakafupi moti munthu akanalowamo chokwawa. Pansi pake panali mphasa yowola m'mphepete, ndipo dothi linali litakumbika pang'ono kutalika kwa munthu wamkulu, mozama pamene pamakhala chiuno ndi phewa. Chakumutu kunali chipika chosalala ndi mafuta a m'tsitsi. Panali phale lodzaza phulusa la ndowe zouma zofukizira udzudzu, ndi mkondo wakale wotsamira pa khola.

Lorenso anafunsa kuti ankagona apa ndani. Magdalena anati abambo a Esinala. Anafunsanso kuti kuyambira liti, ndipo Magdalena anati kuyambira tsiku limene munthu wina anadula chingwe cha mbuzi, mvula itangoyamba. Mmodzi wa amuna aja anayamba kuyang'anitsitsa zala za kumapazi ake.

"Chifukwa chiyani munthu wa nyumba yabwino chonchi agone panja?"

Magdalena anali akadali chogwada. Anayankha mokweza kuti ndi amayi omwe, amene tsopano anadzaza pa mpanda, amve.

"Ndinawauza ndine. Ndinkafuna mbuzi izigona m'nyumba, iwo anakana. Ndinati ndiye akagone nayo. Chitseko ndinkatseka ndine, dzinja lonse. Mbuziyi ndinailowetsa ndekha iwo atasiya kuzindikira anthu. Sanadziwe."

Mbuzi inakoka chingwe n'kuyamba kubudula udzu wa pa kamsasa.

"Dzinja lonse," anatero Paison, mawu ali pansi. Anati mkulu wake ankadutsa pa siteshoni maso ali psuu, akutsokomola, iye n'kumaganiza kuti ndi ntchito. Anati anadyapo m'nyumba muno Lamulungu lina, mlamu wake akumupatsa madzi osamba m'manja ndi ulemu wonse, pamene mwini nyumba ankagona ngati galu kuseri. Kenaka anatembenukira kwa amuna aja. "Mwamva nonse ndi makutu anu. Mudzakhala mboni."

Lorenso ananjuta, nakweza mphasa ndi chala, chiswe chinabalalika pansi pake. Anayang'ana udzu wa kamsasa, mmene unkaonekera kumwamba, nafunsa ngati anagona pomwepa ngakhale mvula ija imene inagwetsa makoma mu Febuluwale. Magdalena anavomera ndi mutu.

Lorenso analavula pambali.

"Munthu wopusa. Akanangoilowetsa, akanamuneneza ndani? Woyendera nyumba anali iye mwini."

Palibe anaseka. Mnzake wina anafunsa motsitsa mawu kuti nanga za mbuzi zili pati.

"Nkhabe," anatero Lorenso m'Chisena, akupukusa mutu. "Mlandu umene tinanena uja palibe. Wina ulipo, koma si wathu." Anaimirira, mawondo akulira. "Tiyeni tikatenge makasu. Mukumbe mozama ndi mowongoka. Ameneyu angadzuke n'kuyamba kuyeza ndi ndodo."

Anamuika dzuwa litapendeka. Pamene maliro ankadutsa njanji, anakumana ndi akaidi anayi ndi msilikali wawo akubwera ndi machira. Msilikali anawaimitsa pambali pa njira, ndipo anaima pomwepo mpaka nyimbo inadutsa, n'kubwerera kumene anachokera. Kumanda anthu analipo ambiri kuposa amene anali pa nyumba m'mawa. Magdalena anaona kuti amayi amene anam'gwira mikono popita, pobwera anayenda patsogolo pake.

Masiku a chisoni amayi a mpingo anagona m'nyumba, amuna anasonkha moto panja, ndipo mbuzi inagona m'khola popanda choiopsa. Paison ankabwera m'mawa uliwonse, n'kukhala pansi pa mkuyu. Chakudya chochokera m'manja mwa mlamu wake sanachikhudze. Tsiku lometa analankhula pamaso pa anthu kuti watumiza uthenga ku Chikwawa, ndipo akuluakulu adzabwera madzi a mtsinje akatsika. Anati nyumbayi anamanga ndi mkulu wake, choncho amene akukhalamo ayambe kuganiza za kumene adzapite. Za mwana sananene kanthu, popeza mwana wa Esinala anali wa kuchikazi.

Mu layini nkhani inatembenuka. Anthu omwe aja amene ankatukwana a Tsegulani anayamba kunena kuti munthu ngati ameneyo sadzapezekanso, kuti chaka chino ana sanafe ndi m'mimba monga kale, kuti mazenera aja amathandizadi kukatentha. Mawu onsewa ankawanena mokweza Magdalena akamadutsa. Kumadzi amayi ankasiya kucheza iye akafika, n'kumupatsa malo ambiri otungira kuposa amene ankafunika. Ana anapeka kanyimbo ka mkazi amene anapatsa mwamuna wake mbuzi kuti ikhale mkazi wachiwiri. Magdalena anakamva ali pa mtondo, ndipo sanasiye kusinja.

Jesinta yekha ndiye ankalowabe osaodira. Madzulo a tsiku limene olira onse anabalalika, anabwera kudzagwira miyendo ya mbuzi. Atatha kukama anayang'ana kutchire kumene dzuwa linkalowera, nati afisi adziwa kale kuti moto wa amuna wazima.

"Ilowetseni m'nyumba. Akuyenderani ndani tsopano?"

Magdalena anati amva. Jesinta atapita, anawiritsa mkaka, anamwetsa mwana, anamugoneka pamalo pake, nam'funditsa. Anaima pakati pa chipinda kwa kanthawi. Kenaka anapinda mphasa yake, natseka chitseko cha kutsogolo, nazungulira kuseri.

Kunali kukadali kowala pang'ono. Anachotsa mphasa yowola ija, nayala yake, nasonkha ndowe zouma m'phale. Udzudzu unali utayamba kale. Anakwawira m'kamsasa, ndipo dothi lokumbika lija linamugoneka chammbali monga linazolowera, nkhope ku khoma. Pamenepo anaona chitsononkho cha chimanga chitalowetsedwa m'khoma, m'munsi, pamene pamafika mutu wa munthu wogona. Anachizula. Panali kabowo kolowa zala ziwiri, kosalala m'mbali, koboola munthu amene sanafune kung'amba khoma. Anawerengera m'mutu mwake kumene kanatulukira: kuseri kwa mtsuko wamadzi, chakumutu kwa malo amene iye ndi mwana ankagona.

Anaikapo khutu. Anamva Agnesi akupuma, ndi kamluzu ka m'mphuno kaja, ndi milomo ikuyamwa kutulo. Zinkamveka ngati mwanayo ali pachifuwa pake.

Ndiye kuti zonse zinkamveka. Dzinja lonselo Magdalena ankalankhula ndi mwana asanagone. Ankamuuza kuti agogo ake ndi munthu wouma mutu, kapolo wa dokotala, kuti adye lamulo lawo likawakhutitse, kuti iye anakwatiwa ndi ndodo yoyezera zimbudzi. Masiku ena, mvula ikakula, ankalira, n'kumauza mwanayo kuti mawa awaitana. Elisha ankalowa m'mawa, n'kusamba m'manja, n'kumupatsa moni monga mwa masiku onse. Funso lake linali limodzi lokha, loti mwana wagona bwanji, ndipo ankadikira yankho mpaka mkazi wake alinene.

Magdalena anaika chitsononkho pambali pa chipika. Anakulunga chingwe cha mbuzi pa dzanja, nachimanga, nabwezera khutu pa khoma.